Chikho cha wamoyo, nkhata ya womwalira

Chaka chikamapita kumapeto, mvula yoyamba itagwa ndipo fumbi la pamsika wa Lirangwe litasanduka matope, imafika nyengo ina imene sidalembedwe pakalendala ya mpingo uliwonse, koma imalowa m'nyumba zathu zonse osagogoda. Iyi ndi nyengo ya mphoto. Pawailesi, pakanema ndi pafoni pamamveka pempho limodzi lokhalokha: voterani woyimba wanu, voterani wazisudzo wanu, voterani muulutsi amene wakusangalatsani chaka chino. Achikulire akukumbuka bwino Entertainers of the Year, mwambo wa MBC umene unkasonkhanitsa banja lonse, ndi anansi omwe, kuzungulira wailesi imodzi, mabatire atayanikidwa padzuwa masana kuti asafooke pakati pa mwambo. Omvera ndiwo ankasankha, ndipo dzina la wopambana likatchulidwa mkangano unkayambira pakhonde pomwepo n'kukathera kudimba mawa lake. Mwambowo udazilala kwa zaka zambiri, MBC n'kudzauutsanso m'zaka zaposachedwapa. Pakatipo padabadwa miyambo ina, monga UMP ndi Maso, imene achinyamata amaidziwa kuposa makolo awo.

Mkhristu wodziletsa akaona zimenezi kawirikawiri amapukusa mutu, nati zonsezi n'zachabe, n'kuzimitsa kanema. Sindikumunyoza. Zovala zina zimene zimaoneka usiku umenewo si zoonera pamodzi ndi apongozi, ndipo mawu ambiri oyankhulidwa kutsogoloko ndi mphepo chabe. Koma kuzimitsa pakokha sikuphunzitsa mwana kusiyanitsa tirigu ndi namsongole. Tidaziona mu 2003, pamene aphungu a Nyumba ya Malamulo adalamula kuti TVM ileke kuonetsa Big Brother Africa, khoti n'kudzachotsa chiletsocho patangopita masiku ochepa. Ndikupempha tsono kuti tisafulumire kuweruza, chifukwa pali chinthu chimodzi chimene miyambo ya mphoto imachita bwino, chimene m'midzi ndi m'mipingo mwathu chimavuta. Imaitana munthu ndi dzina lake iye akadali ndi makutu akumva, imamuimiritsa pamaso pa anthu, n'kumuuza kuti ntchito yake yaoneka. Kwathu kuno mawu otere timawasunga mpaka tsiku la maliro, mwini wake atagona m'bokosi.

Pa Aroma 13:7 mtumwi Paulo adaika ulemu pamndandanda umodzi ndi msonkho. Zinthu ziwirizi adazitchula monga zimene munthu amayenera kupereka kwa eni ake. Ndiye kuti ulemu si nsembe ya mtima wabwino imene timatulutsa tikadzuka bwino, ndi ngongole. Ndipo ngongole iliyonse ili ndi mwini wake, ili ndi kuchuluka kwake, ilinso ndi tsiku lake lobweza. Choncho funso loyenera kufunsa pa miyambo ya mphoto si lakuti kodi kulemekeza munthu n'tchimo. Funso n'lakuti kodi ngongoleyo ikupita kwa eni ake enieni, ikufika nthawi yake, ndipo kodi ikubwezedwa yonse kapena akungopatsidwa kachiphaso kopachika pakhoma.

Tiyambe taona kumene mwambo wotere udakhazikika. Ku Britain kuli mwambo wa pachaka wotchedwa National Television Awards, umene udayamba mu 1995 ndipo umaulutsidwa ndi kanema wa ITV kuchokera mumzinda wa London. Chimene chimausiyanitsa ndi miyambo ina ya kumeneko n'chakuti opambana ambiri sasankhidwa ndi akatswiri okhala m'chipinda, koma ndi anthu wamba oonera kanema, monga momwe omvera a MBC ankachitira. Masewero a tsiku ndi tsiku, monga Coronation Street limene lidayamba mu 1960 ndi EastEnders la mu 1985, akhala akulimbirana chikho ngati Bullets ndi Wanderers. Anthu awiri ogwira ntchito limodzi, Ant McPartlin ndi Declan Donnelly, adatenga mphoto ya otsogolera mapologalamu maulendo 23 otsatizana, kuyambira mu 2001 kufikira mu 2024. Adayamba ali anyamata, ubambo n'kuwapeza chikho chidakali m'manja. Amene adadzawalanda mu 2025 ndi Gary Lineker, katswiri wakale wa mpira wa timu ya England, patangotha miyezi yochepa atasiyana ndi BBC.

Kodi m'zaka zonsezo, m'dziko la anthu oposa 60 miliyoni, simudapezeke ngakhale mmodzi wodziwa ntchitoyo kuposa awiriwo? Sindikukhulupirira. Voti siyesa luso. Imayesa chikondi ndi chizolowezi. Munthu amavotera nkhope imene yakhala ikulowa m'nyumba mwake Loweruka lililonse madzulo, monga momwe amagulira sopo amene amayi ake ankagula. Zimenezi si zoipa, bola tizidziwa chimene chikuyesedwa. Kuno kwathu palinso china. Voti nthawi zambiri imadya mayunitsi kapena imafuna foni ya intaneti, ndipo wa m'thumba molemera akhoza kuvota kangapo. Agogo a ku Lirangwe amene amadziwa nyimbo iliyonse ya woyimba wawo pamtima, amene salola munthu kukhudza wailesi sewero likayamba, sawerengedwa n'komwe. Chikho chikamaperekedwa mumzinda timati Amalawi asankha, pamene asankha ndi Amalawi a mayunitsi.

Khamu likhozanso kuombera m'manja munthu amene silikumudziwa. Anthu a ku Britain adaphunzira zimenezi mowawa pa Jimmy Savile, muulutsi wa BBC amene adatchuka kwa zaka zambiri ndi mapologalamu a ana ndiponso ntchito zachifundo, mpaka Mfumukazi idamupatsa ulemu wa Sir mu 1990. Adamwalira mu 2011 anthu akumutamanda. Chaka chotsatira zidaululika kuti adachitira nkhanza zogonana anthu mazanamazana, ambiri mwa iwo ana, ndipo mwala wa pamanda ake adachita kuuzula. Makolo, mwana akamakuuzani kuti wakutiwakuti ndi munthu wabwino chifukwa watenga chikho, muuzeni modekha kuti chikhocho chanena za ntchito imene yaoneka pagalasi, osati za zimene zimachitika chitseko chikatsekedwa.

Pamenepo wina ati, mwaonatu abusa, si zija timanena zija? Dikirani pang'ono, chifukwa mwambo womwewo wa ku London udaonetsanso mbali ina. Mu Januwale 2024 ITV idaonetsa sewero lotchedwa Mr Bates vs The Post Office. Lidafotokoza nkhani yoona ya anthu oyang'anira mapositi ofesi aang'onoang'ono a m'midzi ndi m'matauni, oposa 900, amene adaimbidwa milandu ya kuba pakati pa 1999 ndi 2015, pamene cholakwa chidali makina a kompyuta otchedwa Horizon amene ankaonetsa ngati ndalama zasowa. Ena adamangidwa, ena adagulitsa nyumba kuti abweze ndalama zimene sadabe, ena adamwalira dzina lawo lisadayeretsedwe. Manyuzipepala adalemba, maloya adayenda m'makhoti zaka zambiri, koma dziko silidagwedezeke. Sewero la masiku anayi lidachita zimene zaka zonsezo zidalephera: anthu adakwiya, ndipo pofika mu Meyi chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lofafaniza milanduyo. Mu Seputembala sewerolo lidalandira mphoto pa National Television Awards, ndipo ena mwa ozunzidwawo adakwera nawo kutsogolo. Mmodzi wa iwo, mayi, sadataye nthawi ndi kuthokoza kwambiri. Adauza dziko kuti ambiri mwa anzake adali asadalandirebe chipukutamisozi chawo. Holo yonse idali itaimirira ikuomba m'manja, koma ngongole idali isadabwezedwe.

Nkhani imeneyi imandikumbutsa mneneri Natani pa 2 Samueli 12. Sadapite kwa Davide ndi chikalata cha mlandu. Adapita ndi nthano ya munthu wosauka amene adali ndi kamwana ka nkhosa kamodzi, ndipo mfumu idadziweruza yokha isadazindikire kuti nthanoyo ikunena za iyo. Wazisudzo wabwino amagwira ntchito ya mtundu umenewo. Amene adakula akumvera Kapalepale ndi Pamajiga pa MBC akudziwa kuti mabanja ambiri adadziona okha m'masewero amenewo, ena n'kusiya khalidwe limene ankhoswe adalephera kuwaletsa. M'zaka zimene Edzi inkatha anthu, pamene ngakhale dzina la matendawo linkavuta kulitchula pamaliro, Tikuferanji idalowa nalo m'nyumba kudzera mwa Manganya. Yemwe ankasewera Manganyayo, Michael Usi, adadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino kuyambira mu Juni 2024 kufikira mu 2025. Izeki ndi Jakobo adatiseketsa ndi umbuli wathu womwe mpaka tidauona. Du Chisiza Jr ndi gulu lake la Wakhumbata adayankhula mophiphiritsa m'nthawi imene kuyankhula poyera kunkapititsa munthu kundende. Chisiza adamwalira mu 1999, Gertrude Kamkwatira mu 2006, John Nyanga amene adali Izeki mu 2016, ndipo Eric Mabedi, Jakobo uja, mu 2021. Anthu awa adatigwirira ntchito, ndipo wogwira ntchito amakhala ndi malipiro ake.

Tsopano tibwere kwathu ku Chileka, chifukwa palibe dera m'dziko muno limene nkhani ya ulemu ingalikhudze kuposa lino. Alendo amadziwa Chileka chifukwa cha bwalo la ndege. Oyimba amadziwa Chileka chifukwa cha mudzi wa Singano. M'mudzi umenewu mudachokera abale awiri, Daniel ndi Donald Kachamba, amene adaphunzira nyimbo za kwela banja lawo likukhala ku Salisbury, mzinda umene lero ukutchedwa Harare, n'kubwera nazo kumudzi. Daniel ankaliza gitala ngati pali anthu atatu, Donald ankaliza chitoliro. Mu 1967, akuyimba mumzinda wa Blantyre, adakumana ndi Gerhard Kubik, katswiri wa maphunziro a nyimbo wochokera ku Austria. Anthu ambiri adali atawadutsa anyamatawo, ena n'kuwaponyera kandalama. Mlendo uja adaima, namvetsera, nazindikira kuti akumva chinthu chosowa. Paja akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Adawajambula, adalemba buku la iwo limene lidatuluka m'Chingerezi mu 1974, ndipo zitseko za maiko akunja zidatseguka. Donald adayenda m'maiko ambiri, mpaka mu 1999 adakaphunzitsa ophunzira a yunivesite ya California ku Los Angeles.

Daniel adamwalira mu 1987 ali ndi zaka 40 zokha. Donald adamutsatira mu Januwale 2001. Tafunsani lero ana a sukulu za ku Chileka kuti Kachamba adali yani, muone kuti akweze manja ndi angati. Luso limene ophunzira a ku Vienna ndi ku Los Angeles adakhalira pansi kuti aliphunzire, kwawo ambiri ankaliona ngati zoyimba za pamowa. Ambuye Yesu adaziona zotere ku Nazarete, kumene anthu adalephera kumumvera chifukwa ankadziwa amayi ake ndi abale ake. Zalembedwa pa Marko 6. Kudziwa kumene munthu amatunga madzi ndi kumene amakongola mchere kumatseka makutu.

M'mudzi womwewo mudamera mtengo wina, banja la a Fumulani. Robert Fumulani ndi gulu lake la Likhubula River adamveka pa MBC kwa zaka zambiri, ndipo kuchokera m'banja lomwelo mudatuluka Evison Matafale ndi gulu la Black Missionaries. Matafale adatulutsa zimbale ziwiri zokha, Kuimba 1 ndi Kuimba 2, koma zidagwedeza dziko. Adamangidwa mu Novembala 2001 chifukwa cha kalata yodzudzula boma la nthawiyo, ndipo pa 27 mwezi womwewo adamwalira ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe, ali ndi zaka 32. Musamude Fumulani, amene adatsogolera gululo pambuyo pake, adamwalira mu 2007, ndipo Gift Fumulani mu 2008. Otsala adapitiriza mndandanda wa zimbale za Kuimba, ndipo kumapeto kwa chaka anthu zikwizikwi akhala akusonkhana ku Chileka kukumbukira Matafale ndi abale ake. Maminibasi amadzaza kuchokera ku Blantyre, ena amachokera ku Lilongwe, fumbi limakwera mpaka kumwamba.

Mwambo wa chikumbutso umenewo ndi mphoto yaikulu kuposa chikho chilichonse choperekedwa mu holo ya mumzinda. Palibe mayunitsi, palibe oweruza. Anthu amavota ndi mapazi awo. Ndimaulemekeza, ndipo ndimayamika abale amene akhala akuusunga. Koma ndimati ndikaona khamulo ndimadzifunsa kuti, mwa ulemu wonsewu, ndi wochuluka bwanji umene udafika m'makutu mwa eni ake iwo ali moyo? Matafale adadwala asadamangidwe. Oyimba athu ambiri, a ku Chileka ndi a kwina komwe, akadwala nkhani yawo imamveka pawailesi ngati pempho la chithandizo, ndipo thandizolo limadza mwa apo ndi apo. Akangotsikira kuli chete, magalimoto amene sadaoneke kuchipatala amafola kumanda, nkhata zimachuluka mpaka mtumbira osaoneka, ndipo olemekezeka amasinthana pamaikolofoni kunena kuti dziko lataya munthu wofunika. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Pali nkhani m'buku la Estere, mutu 6, imene ndimaikonda chifukwa cha kuseketsa kwake ndi kulasa kwake. Mfumu Ahaswero idasowa tulo usiku wina, nilamula kuti aiwerengere buku la mbiri ya ufumu wake. Mmenemo adapezamo kuti Moredekai adaulula chiwembu cha adindo awiri amene ankafuna kupha mfumuyo. Ntchitoyo idalembedwa bwinobwino, koma munthuyo sadapatsidwe kalikonse; adali akukhalabe pachipata. Mfumu sidanene kuti tidzamukumbukira akadzamwalira. Idafunsa usiku womwewo chimene adamuchitira, ndipo kutacha Moredekai adavekedwa chovala chachifumu, nakwezedwa pa kavalo, nayendetsedwa m'bwalo la mzinda. Taonani kuti amene adakonza ndondomeko ya mwambowo ndi Hamani, poganiza kuti wolemekezedwayo akhala iye mwini. Anthu ofuna chikho cha eni ake sadayambe lero. Koma mfundo yanga ili pa mfumu yachikunja ija, imene idazindikira kuti ntchito yolembedwa m'buku koma yosalipidwa ndi manyazi a ufumu wonse.

Nkhani ya ku Betaniya pa Marko 14 imapita patsogolo. Mayi wina adaswa nsupa ya mafuta a mtengo wapatali, nawathira pamutu pa Yesu, ndipo anthu a masamu amene adali pomwepo adawerengera msanga kuti ndalama zake zikadadyetsa osauka angati. Yesu adamuikira kumbuyo mayiyo, nanena kuti wadzozeratu thupi lake maliro asadafike. Amayi ena aja amene adagula zonunkhira Sabata litapita adalawirira kumanda, koma sadapeze woti amudzoze. Mwa onse amene adakonza mafuta sabata imeneyo, amene mafuta ake adagwira ntchito ndi uja adawathira pa wamoyo.

Ndikudziwa chimene ena mwa inu mukunena chamumtima. Mukuti Matafale adali wa Chirasta, Kachamba ankayimba m'malo omwera mowa, azisudzo ena moyo wawo si wopereka chitsanzo. Nanga ife a mpingo tili nawo ngongole yanji? Yankho langa n'lakuti pamene Paulo ankalemba za ulemu uja sankanena za madikoni a mpingo wa ku Roma, koma za akuluakulu a boma lachikunja. Pa Genesis 4:21, kholo la onse oliza zeze ndi chitoliro ndi Yubala, wa fuko la Kaini, ndipo Malemba adasunga dzina lake osachita nalo manyazi. Ku Atene Paulo yemweyo adatchula mawu a alakatuli achigiriki ali pakati pa ulaliki. Kulemekeza mphatso si kuvomereza zonse zimene mwini mphatsoyo amakhulupirira kapena kuchita. Mmisiri akakumangirani nyumba yolimba mumamulipira osayamba mwamufunsa kumene amapemphera. Ndipo tinene zoona: nyimbo za anthu amenewa zimamveka m'nyumba za Akhristu, m'maukwati a Akhristu, ndi m'magalimoto a akulu a mpingo. Ngati tikudya, tilipire.

Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa ngongole ya ulemu siibwezedwa ndi m'manja mokha. Pitani pa Lunzu, pa Lirangwe kapena pamsika uliwonse, mukapeza mnyamata ali ndi kompyuta m'kashopu, akuthira nyimbo mazanamazana m'kakhadi ka m'foni pamtengo wosakwana wa botolo la chakumwa. Mwa ndalama imeneyo, woyimba amene adagulitsa mbuzi kuti akalipire situdiyo salandirapo kanthu. Mnyamatayo sindikumuda, akusaka chakudya m'dziko losowa ntchito. Koma ogula ake ambiri ndi anthu opemphera, ndipo nyimbo zimene zimathiridwa kwambiri ndi zauzimu. Munthu yemweyo amene wathiritsa chimbale chonse mwaulere, madzulo amatumiza voti kuti woyimbayo apambane, n'kugona mtima uli m'malo kuti wamuthandiza. Dziko lino lili ndi bungwe la COSOMA, limene lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza ndi kutolera malipiro a eni luso, ndipo lamulo la umwini wa luso lidakonzedwanso mu 2016. Koma lamulo silingalowe m'thumba la aliyense. Pa Levitiko 19:13 Mulungu adaletsa kugoneka malipiro a waganyu mpaka m'mawa, ndipo Yakobo 5:4 amati malipiro obisidwa amafuula. Sindiona chifukwa choti woyimba ndi wazisudzo achotsedwe pa lamulo limenelo.

Kodi ndiye kuti tileke kuvota? Ayi. Mwana akapempha mayunitsi kuti avotere amene amamukonda, ndipo m'nyumba muli ufa, mpatseni, koma mufunseni chifukwa chake wasankha ameneyo. Kodi ndi mawu a nyimboyo, kodi ndi luso, kapena ndi chifukwa choti anzake onse akuvotera yemweyo? Kucheza kotero kuli ndi phindu kuposa kumulanda foni. Ndipo wopambana akalengezedwa n'kupezeka kuti si wake, mukumbutseni za Sauli pa 1 Samueli 18. Amayi a m'midzi ya Israele adavina, nayimba, napatsa Davide chiwerengero chachikulu kuposa cha mfumu. Imeneyo idali voti ya anthu wamba, ndipo Sauli, amene adali ndi ufumu wonse m'manja, adadwala nayo mpaka kuponya mkondo. Kaduka ka pa mphoto kaphwasula magulu oyimba, ndipo ngakhale makwaya a mpingo amabwera ku mpikisano osayankhulana m'galimoto.

Kwa oyimba nyimbo zauzimu ndili ndi mawu amodzi owonjezera. Si cholakwa dzina lanu kupezeka pamndandanda wa opikisana, ndipo mukapambana tidzakondwera nanu. Koma nthawi ya zolengeza m'kachisi si yopemphera mavoti. Anthu a ku Korinto ankadziwa bwino masewera akuluakulu amene ankachitika pafupi ndi mzinda wawo, kumene wopambana ankavekedwa nkhata ya masamba. Paulo pa 1 Akorinto 9 sadanyoze othamangawo. Adayamikira kudziletsa kwawo, nakumbutsa kuti masambawo amafota. Amene chaka chino dzina lake lili pakamwa pa aliyense, pakatha zaka zisanu ana adzafunsa kuti ameneyo ndani. Landirani chikhocho ndi manja awiri, mukachiike pashelefu, ndipo Lachitatu mukapezeke ku kwaya monga kale.

Pali chinthu chimodzi cha ku London chimene ndikadakonda okonza miyambo yathu atachigwiritsa, osachitenga ngati chokometsera chabe. Pamwambo uja pamakhala mphoto yapadera imene siidalira mavoti, yoperekedwa kwa munthu amene watumikira nthawi yaitali. David Attenborough, wojambula zachilengedwe uja, adailandira mu 2006 ali ndi zaka 80. Kwathu mphoto yotere iyenera kukhala yolemera kuposa zonse, ndipo izifunafuna okalamba amene alibe foni yopemphera mavoti: oliza bangwe, oliza gitala ya chigubu, amayi amene mawu awo tinkawamva m'masewero a pawailesi osadziwa nkhope zawo. Isamakhale chikho chokha. Munthu wa zaka 70 safuna galasi losema. Amafuna malata, mankhwala ndi thumba la feteleza. Makampani amene amalipira magetsi ndi zokongoletsa za usiku umodzi sangalephere zimenezi. Ku Singano komweko Moya Malamusi, amene adagwira ntchito limodzi ndi Donald Kachamba ndi Kubik, adatha zaka zambiri akusonkhanitsa nyimbo, nthano ndi zipangizo zoyimbira za makolo. Ntchito ya mtundu umenewo siingapambane pa voti ya pafoni, koma popanda iyo adzukulu athu sadzadziwa kuti Chileka idamvekapo bwanji.

Zomwezo zikhoza kuchitika pampingo popanda kudikira MBC. Mpingo uliwonse wa ku Chileka ndi ku Lirangwe uli ndi buku lake la mbiri ngati la Ahaswero, ngakhale silidalembedwe papepala. Mulimo mphunzitsi wa kwaya amene waphunzitsa mibadwo itatu osalandirapo ngakhale sopo. Mulimo mayi woyambitsa nyimbo pamaliro, amene amachezera usiku wonse pasiwa, mawu n'kusasa, m'mawa n'kulawirira kumunda kwake. Mulimo mnyamata wa kiyibodi amene amanyamula zokuzira mawu panjinga kupita ku ukwati uliwonse, eni ukwati n'kumupatsa mbale ya mpunga basi, pamene wojambula zithunzi walipidwa mokwanira. Mulimo achinyamata amene amakonza sewero la Khirisimasi chaka ndi chaka, ndevu za Herode akupangira thonje ndi ulimbo. Akulu a mpingo akakhala pansi kukonza za Sabata la zokolola, atenge mphindi khumi afunse funso la mfumu ija: kodi uyu tidamuchitira chiyani? Akapeza dzina, amuitane munthuyo kutsogolo Sabata lomwelo, anene ntchito yake momveka monga akadanenera pamaliro ake, amayi a chigwirizano alulute, ndipo pa matumba a chimanga amene abwera tsikulo limodzi likwezedwe panjinga yake.